Nyama Timafunsa Wazinga Ndani, Nanga Filimu?



Ife pogula zinthu timafunsa mafunso. Nyama, timafuna tidziwe wazinga ndani. Kachewere wa pa Bembeke timamutembenuza, kuopa kuti pansi pa ndowa abisapo timbatata ting'onoting'ono. Koma pa kashopu kobena mafilimu pa boma la Dedza, munthu amangopereka flash, n'kulipira ndalama ya mandazi awiri, basi wanyamula mafilimu khumi. Funso palibe.

Ine ndimasunga ma DVD. Anzanga amaseka, akuti ndine gogo, koma kuzizira kwa June kukafika, netiweki ikamavuta, amabwera okha kudzabwereka. Ambiri mwa madisikiwa ndinawatola pa kaunjika ku Lilongwe, ogwiritsidwa kale ntchito, m'mabokosi awo enieni. Amenewa sandivutitsa mtima. Wina anagula koyamba, mwini filimu analandira zake, kenako disiki inasintha manja ngati jekete la pa kaunjika. Inali imodzi, ikadali imodzi.

Kubena n'kwina. Pa filimu imodzi pamatuluka makope osawerengeka, ndipo ndalama yonse imathera pa tebulo la wobenayo.

Ena amati, "Kuba n'kutenga chinthu mwini wake n'kutsala opanda. Apa mwini filimu yake ikadalipo, ndaba chiyani?" Funsoli si lachibwana, ndipo maulama analikambirana. Mu 1988, pa msonkhano wake ku Kuwait, International Islamic Fiqh Academy inagamula kuti ufulu wa wolemba kapena wopanga chinthu ndi chuma chotetezedwa, ndipo kuuphwanya sikuloledwa. Mwini satsala opanda filimu, inde. Amatsala opanda ogula.

Tikamaganiza za Hollywood kapena Nollywood, zimenezi sizitikhudza kwenikweni, poti timati anthu ake ndi olemera kale. Tabwerani pafupi. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, The Road to Sunrise mu 2017. Joyce Mhango Chavula anapanga filimu ya Lilongwe, yomwe inapambana mphoto ya AMVCA ku Nigeria mu 2016. Tonse tinanyadira. Koma filimu imadya ndalama: makamera, mafuta a galimoto, chakudya cha ochita sewero, miyezi yokonza zithunzi ndi mawu. Tikamadandaula kuti mafilimu achimalawi amatuluka patalipatali, tiziwerengeranso ma flash athu.

Pali ena amati tinalipira kale. Zoonadi, pansi pa Copyright Act ya 2016 pali msonkho wa pa zipangizo zosungiramo zinthu, monga ma flash ndi mafoni, womwe COSOMA imagawira eni luso. Komatu umenewo ndi wa munthu wokopera zake zoonera kunyumba. Si chiphaso chotsegulira malonda pa thukuta la wina.

Apa ndiye pamene pamandivuta, ndipo sindifuna kupathawa. Munthu wa ku Mayani kapena ku Lobi akafuna kope lenileni, akaligula kuti? The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, inatuluka mu 2019 pa Netflix. Nkhani yathu yomwe, muli Chichewa chathu chomwe, koma kuti uionere mwachilungamo pakufunika khadi ya banki ndi bando yochuluka. Mnyamata wobena uja ndiye anaifikitsa kumudzi, ndipo nayenso ali ndi ana akudikira ufa. Sindingamutche mbava n'kumagona tulo tabwino.

Ndiye ine ndinadziikira malire, si fatwa ayi. Filimu ya Mmalawi sindiibenetsa. Ndimadikira mpaka ndipeze kope limene mwini wake akugulitsa, kapena ndiionere pamene iye waiika yekha, monga pa YouTube, ngakhale bando ithe. Ndikaipeza pa disiki ndimaisunga, ndipo wofuna kuonera amabwereka. Ndimalemba dzina lake m'kope, poti ma DVD awiri anapita ku Linthipe chaka chatha ndipo mpaka lero sanabwerere.