Kodi Fanizo Loseketsa Linena Zoona?

Anthu ofufuza za chilengedwe ali ndi vuto lakuti zinthu zimene afuna kuzidziwa sizioneka ndi maso, ngakhale ndi galasi lokuza zinthu. Atomu ndi kanthu kakang'ono ndithu, koma m'kati mwake muli tina tating'ono koposa. Tsono pofuna kutiuza ife anthu wamba za ntchito yao, akamba mafanizo oseketsa. Ndipo ife aphunzitsi, amene fanizo ndilo khasu lathu, tiyenera kufunsa ngati kusekako kutisiyira choonadi kapena bodza lokoma.

M'chaka cha 1909 ku Manchester, Hans Geiger ndi Ernest Marsden, motsogoleredwa ndi Ernest Rutherford, analasa golide wopyapyala ndi tinthu totchedwa alpha. Tambiri tinapyola monga ngati panalibe kanthu, koma kamodzi mwa zikwi zambiri kanabwerera m'mbuyo. Rutherford anafanizira chimenechi ndi munthu woombera mzinga pa pepala, chipolopolo n'kubwerera kudzagunda mwini wake. Tiseka, pakuti pepala silitha kuletsa ngakhale mwala wa legeni. Koma m'kusekamo muli chiphunzitso chenicheni: chobweza chipolopolo chiyenera kukhala cholemera ndi chounjikana pamodzi. Chotero m'chaka cha 1911 iye anati pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kanthu kakang'ono ka pakati pake. Fanizo ili tilivomera ndi mtima wonse.

Lina ndilo litivuta. M'chaka cha 1927 Werner Heisenberg anafotokoza kuti pofuna kuona elekitironi muyenera kuiwalitsira kuunika, ndipo kuunikako kuikankha. Kuli monga munthu wofunafuna mwanapiye mumdima ndi phazi: pomgunda wadziwa pamene anali, koma wamthamangitsa, ndipo sadziwanso kumene walowera. Ana aseka, ndipo saiwala.

Koma taonani msampha. Mwanapiye anali ndi malo ake ndi mayendedwe ake phazi lisanamkhudze. Cholakwa n'cha mwini phazi lolemeralo. Mwana wochenjera adzati tsiku lina padzapezeka munthu woponda mofatsa, ndipo zonse zidzadziwika. Iai, sikutero. Masamu a chiphunzitsochi, monga anawalongosola Earle Kennard chaka chomwecho, asonyeza kuti elekitironi siikhala ndi malo otsimikizika ndi liwiro lotsimikizika nthawi imodzi, angakhale palibe woigunda. Fanizo lakometsa nkhani, koma labisa chodabwitsa chake chenicheni. Niels Bohr yemwe sanakondwe ndi mafotokozedwe oyamba aja, ndipo Heisenberg anaonjeza mau kumapeto kwa zimene analemba.

Ena ati tingoleka mafanizo otere, tiphunzitse masamu okha. Ife sititero, pakuti popanda mwanapiye ana ambiri salowa konse m'nkhaniyi. Tidzamkambabe, koma kuseka kutaleka tidzafunsa anawo kuti atiuze pamene mwanapiye asiyana ndi elekitironi, ndipo chigawo ichi cha phunziro, chimene chilibe choseketsa, tidzachipatsa nthawi yaitali koposa.