Chipepeso Chopanda Kupepesa

Akuluakulu adati mlandu suola. Mau ameneŵa ndinkawakhulupirira mpaka pamene ndidaŵerenga za ana a ku Kano, m'dziko la Nigeria. Mlandu suoladi, koma wodandaula amatopa, amakalamba, mwinanso kumwalira kumene.

M'chaka cha 1996 ku Kano kudabuka mliri wa matenda oumitsa khosi. Kampani ya Pfizer ya ku America idafika ndi mankhwala atsopano otchedwa Trovan, nichita kafukufuku pa ana pafupifupi 200. Theka adalandira Trovan, theka lina mankhwala odziŵika kale a ceftriaxone. Ana 11 adamwalira, ena adalumala. Makolo adati sadauzidwe kuti mankhwalawo ngoyeserera. Kampani idati makolo adavomera pakamwa, ndipo chidapha anawo ndi matenda.

Mu 2001 mabanja ena adakasuma ku New York, kwao kwa kampaniyo. Kampani idapempha kuti mlandu ukazengedwe ku Nigeria, ndipo mu 2002 woweruza adavomera. Makolo adachita apilo, mlandu udabwerera, mu 2005 udakanidwanso, kufikira mu 2009 pamene bwalo la apilo lidalola kuti upitirire ku America. Zaka zonsezi maloya ankalimbana za bwalo loyenera, nkhani ya ana ili pambali.

Sindikuti kusamutsa mlandu nkulakwa. Nzanzeru kuzenga mlandu kumene kuli mboni. Koma chimandivuta nchakuti wolemera ndi wosauka sadikira mofanana. Kwa kampani, chaka chimodzi ndi malipiro a maloya basi. Kwa mai amene akubereka mwana wosamva ndi wosayenda, chaka chimodzi ndi masiku 365 a msana wopweteka.

Mu July 2009 Pfizer idagwirizana ndi boma la Kano kupereka madola 75 miliyoni, ndipo 35 miliyoni mwa ameneŵa adali a mabanja. Mu 2011 mlandu wa ku New York nawo udathera kunja kwa bwalo, pa pangano lachinsinsi. Chaka chomwecho mabanja anai oyamba adalandira madola 175,000 lililonse, atayesedwa DNA. Padali patapita zaka 15. Kampani sidavomere kulakwa kulikonse.

Funso langa nali, anzanga: m'chinenero chathu chipepeso chimachokera ku kupepesa. Nanga ndalama zimene munthu wapereka akunena kuti sadalakwe, tizitche chiyani?

Ndikadakhala mbale wa mai uja, sindikadamuuza kuti akane. Wakhuta ndiye amalangiza wanjala kuti adikire chilungamo. Komabe chigamulo sichikhala cha odandaula okha. Nchathu tonse amene timameza mapiritsi osadziŵa kumene adayesedwa. Bwalo likagamula poyera, dokotala amaphunzirapo, kampani ina imachenjera, ndipo woimbidwa mlandu, ngati sadalakwe, amayera pamaso pa anthu. Mlandu ukathera m'chipinda, zonsezi zimatayika. Pa nkhani ya ku Kano palibe bwalo limene lidamva mboni nkugamula ngati makolo adauzidwa zoona.

Tsono ine ndikuti kugwirizana kumathetsa mkangano wa ndalama, ndipo apo nkwabwino. Koma mai amene adasiya mwana kumanda mu 1996 adafunsanso funso lina: kodi ndidafunsidwa? Ndalama zidatuluka, koma funso limeneli palibe woweruza adaliyankha.