Kodi Buku la Nkhani Yopeka ndi Bodza?

Pali funso limene libvuta akulu ena m'midzi mwathu. Iwo ati: Munthu wokonda coonadi atayirenji nthawi pa buku losimba za anthu amene sanakhaleko konse? Kodi si bodza lolembedwa limeneli? Funsoli ndi loyenera, pakuti bodza tiliopa tonse. Cifukwa cace tiliyankhe mosathamanga.

Bodza ndilo mau onenedwa kuti anyenge munthu. Koma agogo posimba za Kalulu madzulo pamoto sanyenga mwana ali yense. Mwanayo adziwa kuti kalulu salankhula, komabe apita kukagona atazindikira kuti kucenjeretsa kugwetsa mwini. Momwemonso mneneri Natani, pofuna kudzudzula Davide, sanayamba ndi mlandu wa Uriya iai. Anasimba za munthu wacuma amene analanda kamwana ka nkhosa ka mnzace wosauka. Mfumuyo inapsa mtima niweruza msanga, osadziwa kuti irikudziweruza yokha. Akulu anati, anyani asekana zikundu. Munthu akatsutsidwa pamaso aumitsa khosi, koma akaona colakwa cace mwa wina, cimlowa mumtima.

Ndico cifukwa cace ambiri a ife tikonda buku la Nthondo, limene Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba m'cinenero cathu. Linaturuka m'caka ca 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi. Nthondo akula ali wakuba, nacoka kwao kunka kutali kukafuna nchito. Pobwera alowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima. Ndani wa ife sadziwa mnyamata wotere? Kapena ndiye mphwathu, kapena ndife tomwe. Tikawerenga za umbala wace ticita manyazi. Tikafika pa kusandulika kwace, tileka kutaya mtima ndi mwana wathu wosamvera.

Talingaliraninso Ulendo wa Mkristu, umene John Bunyan, amene anakhala zaka zambiri m'ndende ya ku Bedford cifukwa ca kulalikira, anaturutsa mu 1678. Mlendo uja wosenza katundu wolemera, amene anatitimira m'thope, sanabadwa ndi mkazi. Koma katunduyo timdziwa, ndi thopelo tinalipondamo.

Sitinena kuti buku liri lonse lipindulitsa. Alipo ena okometsa zoipa, onga nsima yosapsa imene itupitsa m'mimba. Muyeso wace ndi uwu: mutatseka buku, dzifunseni ngati lakuonjezerani cifundo pa anzanu, ndi kuona msanga zolakwa zanu. Likatero, nlabwino, likakusiyani mulikusirira coipa, litayeni.

Tsono inu odziwa kuwerenga, musabise buku lotere m'bokosi kuti cidye ciswe. Madzulo, nchito ya kumunda itatha, muwerengere amai ndi okalamba amene sanapita ku sukulu, nimufunsane kuti Nthondo analakwa pati, ndipo anthu a kwao akadamthandiza bwanji.