Belo yomwe wosauka sangaikwanitse

Munthu amene khoti silinamupeze wolakwa ali ndi ngongole imodzi yokha kuboma: kudzaonekera tsiku la mlandu wake, osasokoneza umboni. Belo ndi chikole cha lonjezo limeneli basi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo atulutsidwe, kupatula ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Mu 2005, pa mlandu wa Fadweck Mvahe, khoti la Supreme linanenetsa kuti ngakhale pa mlandu wakupha, boma ndilo liyenera kuonetsa chifukwa chomusungirabe munthu.

Komatu belo itha kuperekedwa pakamwa pokha. Woweruza akalamula ndalama zambiri, anthu awiri omuimira komanso kumakasaina kupolisi sabata iliyonse, wopata amakagona kwawo tsiku lomwelo. Mlimi woganiziridwa kuti waba mbuzi, yemwe abale ake alibe ngakhale ya minibasi yofikira kukhoti, amabwerera pa rimandi kundende ya Maula kapena ya Chichiri, kukagona mothithikana ndi kudya kamodzi patsiku, kumunda udzu ukumeza chimanga. Onsewo ndi osalakwa pamaso pa lamulo, koma mmodzi wayamba kale kulangidwa chifukwa cha umphawi. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 24, chinkaletsa kutenga mphero ngati chikole, poti kutero n'kulanda chimene munthu amadyera. Wamphamvu ankaloledwa kufuna chikole, koma osati chophetsa mnzake.

Ambiri amadandaula kuti mbava ikatuluka imakabanso ndi kuopseza mboni, ndipo anthu akaiona pamsika amakwiya n'kuilanga okha. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo woberedwa nayenso ayenera chilungamo. Koma ngati munthu ndi woopsa, boma libweretse umboni, khoti limukanize belo poyera ndi kunena zifukwa zake, iye athe kuchita apilo. Ndalama siziletsa chigawenga cholemera kuopseza mboni. Zimangotsekera wosauka amene sakanaopseza aliyense. Ndipo mkwiyo wa gulu suchizidwa potsekera munthu amene mlandu wake sunamvedwe, koma pozenga milandu msanga.

Choncho oweruza, musanatchule ndalama, yambani mwafunsa woimirira m'kabokosiyo kuti amapeza bwanji, kwawo n'kutali bwanji ndi polisi, ndipo angamuimire ndani. Mukalamula zomwe mukudziwa kuti sangazithe, mwamumana belo popanda kumuuza chifukwa.