Kodi Kusadziŵa Ndiko Kukayika?

MKRISTU amene wadwala kwa zaka zambiri angadzifunse kuti: ‘Kodi mapemphero anga akumvedwa?’ Pambuyo pake chikumbumtima chingayambe kumtsutsa kuti wataya chikhulupiriro. Koma kodi funso lililonse losayankhidwa ndilo kukayika kumene Malemba amatsutsa?

M’kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, liwu lakuti “kukayika” limatanthauza zinthu zambiri. Mlimi amakayika ngati mvula idzagwa panthaŵi yake, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Komabe, olemba Malemba Achigiriki Achikristu anagwiritsira ntchito mawu olunjika kwambiri. Limodzi ndilo distazo, logwirizana ndi liwu lotanthauza “kaŵiri.” Ilo limapezeka m’malo aŵiri okha: pamene Petro anayamba kumira m’nyanja, ndi pamene ophunzira ena anaona Yesu woukitsidwayo paphiri la ku Galileya. (Mateyu 14:31; 28:17) Petro anadziŵa bwino lomwe amene anamuitana. Vuto linali lakuti mtima wake unagaŵanika pakati pa mawu a Mbuye wake ndi ukali wa mphepo.

Liwu lina, diakrino, kwenikweni limatanthauza kusiyanitsa kapena kuweruza, koma limanenanso za munthu wotsutsana ndi iye mwini. Wophunzira Yakobo anayerekezera munthu wotero ndi funde lokankhidwa ndi mphepo, namutcha dipsychos, ndiko kuti wa mitima iŵiri. (Yakobo 1:6-8)

Nangano chosiyana ndi kukayika nchiyani? Ambiri angayankhe kuti ndicho kudziŵa zonse. Chitsanzo cha Abrahamu chimasonyeza kuti si choncho. Iye anasamuka kwawo asakudziŵa kumene anali kupita. (Ahebri 11:8) Komabe mtumwi Paulo, akumagwiritsira ntchito liwu lomwelo la diakrino, ananena kuti Abrahamu sanagwedezeke ponena za lonjezo la Mulungu, koma anali wotsimikiza kotheratu kuti Wolonjezayo anali wokhoza kulikwaniritsa. (Aroma 4:20, 21) Panali zambiri zimene kholo lakalelo silinadziŵe, koma mtima wake unali umodzi.

Talingaliraninso za Zekariya ndi Mariya. Onse aŵiri anafunsa mngelo Gabrieli funso, ndipo mafunsowo amamveka ofanana. Zekariya anafuna umboni wakuti uthengawo unali woona, ndipo anakhala wosalankhula kufikira mwana wake atabadwa. Mariya anafunsa mmene zimenezo zikachitikira, ndipo anafotokozeredwa. (Luka 1:18-20, 34, 35) Kusiyanako kunali mumtima wa wofunsayo.

Bwanji ponena za amene mtima wake wagaŵanikadi? Nzomvetsa chisoni kuti munthu wotero kaŵirikaŵiri amabisa vuto lake kuwopa kuonedwa ngati wofooka. Komatu Yuda analangiza mpingo kuchitira chifundo okayika. (Yuda 22) Ndipo cholembedwa cha Mateyu chimasonyeza kuti Yesu anayamba watambasula dzanja ndi kugwira Petro, ndiyeno pambuyo pake anamfunsa chifukwa chimene anakayikira.