Mbewu ya Agogo ndi Revista ya Kutali

Kalatayo inalowa pa telefoni yanga Laciwiri m'mawa, ndili pa msika wa ku Biriwiri, kudikira amayi a kunyumba kuti amalize kukambirana mtengo ndi ogula kacewere ocokera ku Blantyre. Inali ya m'Cingerezi. Inayamba ndi kundichula kuti Dotolo, ine amene mestrado yeniyeniyo ndinali ndisanaimalize. Eni kalatayo ankati aona nchito yanga, aikonda kwambiri, ndipo ngokonzeka kuisindikiza mu revista yawo pasanathe masabata awiri, bola nditumize madola 150, amene pa nthawiyo anali meticais pafupifupi 9.500. Nchito imene ankaiyamikirayo inali isanatulukepo mu kompyuta yanga. Adiresi anaitola, ndikhulupirira, pa mndandanda wa msonkhano wina umene ndinakakhalapo ku Beira.

Ndisabise, ndinayang'ana matumba athu amene anali ataima m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kuwerengera kuti angati angakwane.

Ndine mphunzitsi kuno ku Ntengo-wa-Mbalame. Kwa zaka ziwiri, Loweruka ndi nthawi ya chuthi, ndinkayenda m'midzi ya kuno, ndipo kangapo ndinafika mpaka ku Furancungo, kufunsa alimi mmene amasungira mbewu ya kacewere kucokera pokumba kufikira pobzala, ndi mmene amadziwira kuti ciwawu calowa masamba asanade. Munthu wofuna kupitiriza maphunziro kapena kupeza malo ophunzitsa pa yunivesite amafunsidwa kuti wasindikizapo ciyani, ndipo kuti. Ine yankho ndinalibe. Ndiye wina akakulonjeza masabata awiri, mtima umakumbuka msanga kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Anandigwira dzanja ndi aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga. Anandiuza za John Bohannon, mtolankhani amene mu 2013 analemba dala nkhani yabodza yonena kuti mankhwala ena opezeka mu ndere amaletsa khansa. Anaidzaza ndi zolakwa zoti katswiri aliyense akanaziona, n'kuitumiza ku marevista 304. Marevista 157 anailandira. Ciwerengeroco cinandidabwitsa, koma cimene cinandiluma ndi cakuti mayina a alembi ndi a masukulu amene anapeka anali omveka ngati a kuno ku Africa, poganiza kuti munthu wotere akasowa pa intaneti palibe amene angadabwe.

Poyamba ndinkayesa kuti colakwa cili pa kulipirako. Sicili pamenepo. Marevista ambiri oona mtima amalipiritsa mlembi kuti owerenga awerenge kwaulere, ndipo Nature, imene ndi yochuka kwambiri, mu 2021 inaika mtengo wa mayuro 9.500 pa nkhani imodzi. Nambala yake ndi yomwe ija ya ine, kungosiyana dzina la ndalama. Colakwa cili pa cimene ukugula. Revista yeniyeni imatumiza nkhani yako kwa akatswiri awiri kapena atatu amene suwadziwa, kuti aifufuze monga mmene mayi amasankhira mbewu, kutaya yowola ndi yobooka. Ukalipira kuti nchito imeneyo idumphidwe koma cidindo ciikidwe, wagula maonekedwe akuti unayesedwa. Kuno tonse tikumudziwa mlimi amene amaika kacewere wamkuluwamkulu pakamwa pa thumba, pakati n'kubisa wowola. Wogula wa ku Blantyre amakwiya tsiku limodzi, basi. Koma mu nkhani yanga munali mfundo yakuti phulusa limateteza mbewu kuti isawole. Mlangizi wa zaulimi akanawerenga zimenezo, n'kuzikhulupirira cifukwa zasindikizidwa, n'kukaziphunzitsa mudzi wonse, wowola uja akanalowa m'nyumba za anthu amene sanagule nawo thumbalo.

Kalatayo ndinaifufuta, ndipo sindidzitama nazo, pakuti kukana wakuba n'kosavuta wina akakulozera kuti ndi wakuba. Funso limene linandisowetsa tulo linabwera pambuyo pake, pa tebulo patatsala marevista abwino okhaokha.

Aphunzitsi anga ankafuna revista ya ku Ulaya, ya m'Cingerezi, yopezeka mu Scopus. Maganizo awo sanali a kunyada. Ankati kacewere kwawo ndi ku mapiri a Andes, likulu la kafukufuku wake, CIP, lili ku Lima kuyambira 1971, ndipo akatswiri amene angaweruze ngati zimene alimi a ku Tsangano amacita n'zatsopano kapena n'zodziwika kale amawerenga Cingerezi. "Ukaika nchitoyi kumene iwo sadzaiona, wabisa alimi ako omwewo," anatero. Ndinalibe cowayankha. Ine ndemwe mmene anthu a m'malire muno anakhalira pa nthawi ya nkhondo ndi pobwerera kucokera ku Malawi ndinazimvetsa bwino nditawerenga buku la Harri Englund la mu 2002, la m'Cingerezi, lokamba za Angónia ndi Dedza. Popanda mabuku otere, akunja akanangomva za mfuti zathu zokha.

Koma revista imene ankailozayo inali yotseka. Wofuna nkhani imodzi ayenera kulipira madola makumi angapo, kapena akhale pa sukulu imene inalembetsa. Tekiniko wa zaulimi wa m'boma la Tsangano amawerenga Cipwitikizi. Ophunzira a pa Faculdade de Ciências Agrárias ya UniZambeze ku Ulónguè, amene mawa adzakhala alangizi athu, nawonso Cipwitikizi ndico cawo. Nanga eni mawu?

Agogo ena aakazi a kuseri kwa phiri anandisunga masana atatu, kundionetsa mmene amayalira mbewu pa thandala. Tsiku lomaliza anandifunsa, "Aphunzitsi, zimene mukulembazi mukupita nazo kuti?" Ndinati ku sukulu yaikulu. "Nanga zikakapsa kumeneko, mudzatigawirako?" Ndinaseka n'kuvomera, monga timavomerera zinthu tikamatsanzika.

Malamulo a kafukufuku amati upemphe cilolezo ndipo ubise mayina. Zonsezo ndinacita. Koma cilolezo cimene agogo anapereka cinali ca munthu wobwereketsa khasu, osati ca wogulitsa munda. Ngati nzeruyo ndi yawo, ine n'kungoisonkhanitsa, kuiyeza ndi kuisanja, ndiye kuti posankha revista ndikusankha amene adzadye ndi amene adzangomva fungo. Pamenepo nkhani imaleka kukhala ya ine ndi CV yanga. Pamwamba pa pepala padzakhala dzina langa lokha, lawo nditalibisa pofuna kuwateteza. Kodi ndiwabisirenso mawu awo omwe, powatsekera m'cilankhulo ndi pa mtengo umene sangafikire?

Ndimakumbuka Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene analemba Mbiri ya Achewa m'cilankhulo ca eni mbiriyo, Cingerezi cake n'kudzatsatira mu 1973, patapita zaka zambiri. Akatswiri anadikira, ndipo sanafe nako kudikirako. Ndimakumbukanso kuti kuno ku Tete ndi kumene ana ena anayamba kuphunzira kuwerenga m'Cinyanja mu 1993, pa nchito yoyesera ya PEBIMO. Anawo lero ndi makolo, ena ndi alimi. Tinawaphunzitsa kuwerenga, koma cowerenga cokhudza minda yawo tawapatsa cocepa. Komabe Ntara sankafunika cidindo ca oyesa, pamene ine ndinkacifuna, ndiponso mfundo yanga ya phulusa inkacifuna. Ndipo pa mndandanda wanga panalibe revista ya m'Cinyanja. Njira yokondweretsa onse panalibe.

Ndinatha masabata ndikufufuza usiku, pamene netiweki imakhalako bwino: pa African Journals Online, imene yakhala ikusonkhanitsa marevista a mu Africa kuyambira 1998, pa DOAJ, ndi pa SciELO ya ku Brazil. Ndinawerenga nkhani zimene revista iliyonse inatulutsa kale, kuona ngati yanga ingakhale pakati pa abale ake. Kwa ina ndinalembera mmodzi wa akonzi amene mayina awo anasonyezedwa, kumufunsa ngati alidi m'gulumo. Anayankha kuti alimo, ndi kuti ndikonzekere kudikira. Cimene ndinayang'anitsitsa koposa ndi laisensi: nkhani ikatuluka, kodi ndidzaloledwa kuimasulira, kuicita fotokope, n'kuigawa osapempha wina? Ndinasankha revista ya m'Cipwitikizi, yotseguka kwa aliyense, yosalipiritsa mlembi, yokhala ndi cidule ca m'Cingerezi. Aphunzitsi anga anasaina, koma anandiuza mosabisa kuti pa mpikisano wa malo nkhaniyi idzapepuka poyerekeza ndi za anzanga. Sananame. Caka cimeneco malo anatenga wina, ndipo sindinganene kuti sanayenere.

Yankho linabwera patatha miyezi isanu ndi iwiri. Woyesa mmodzi anang'amba ndime ya phulusa ija. Anati ndinalibe mbewu yopanda phulusa yoyerekezera nayo, coco ndingathe kunena kuti alimi amatero, koma osati kuti zimathandiza. Ndinakwiya masiku awiri, lacitatu ndinaona kuti akunena zoona.

Ndikudikira mapepala omaliza, ndinalemba masamba anayi m'Cinyanja, n'kupempha anyakwawa kuti andisonkhanitsire anthu. Ndinawerenga pabwalo, mphepo ya Juni ikulimbana ndi mapepala. Nditafika pa kayalidwe ka mbewu, agogo aja anakweza dzanja.

"Pepani aphunzitsi, pamenepo mwalemba mwina. Sindinati m'nyumba ya mdima ine. Mumdima imatulutsa mphukira zoyera, zazitali, zosacedwa kuthyoka. Ndinati pamthunzi, poti kuwala kuzilowa koma dzuwa lisaiombe."

Anthu anavomereza. Usiku womwewo ndinamvetseranso mawu amene ndinajambula pa telefoni, ndipo ananenadi pamthunzi. Ndine ndinapotoza popita nazo ku Cipwitikizi, ndipo oyesa awiri aja analibe njira yodziwira, popeza anangowerenga kuti ndi mmene mlimi ananenera. M'mawa mwake ndinakwera pa culu ca kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira, n'kulembera mkonzi kuti aimitse kaye tsamba lacisanu ndi cimodzi.