Kuona maso a nkhono n'kudekha

Mvula yoyamba ikagwa, nkhono zimatuluka m'zinyalala n'kumakwawa m'mbali mwa khoma, zikusiya kanjira konyezimira m'mbuyo. Mwana aliyense wokulira kumudzi anayesapo kutola imodzi kuti aione kumaso, ndipo chimene chinatsala m'manja mwake ndi chigoba ndi thovu basi. Nkhono ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi m'munsi ndi tiwiri tatitali pamwamba, ndipo maso ake ndi timadontho takuda kunsonga kwa tatitalito. Ikangokhudzidwa imatibweza tonse m'kati. Mwana waphuma amaigogoda ndi kamtengo, kuigwedeza, kuiuzira mpweya, koma ndiye imalowereratu. Mnzake amangoiika pa dothi lonyowa, n'kukhala pansi, manja m'chiuno, osasuntha. Pakapita kanthawi kamutu kamasuzumira, kanyanga kamodzi kamatambasuka, kenako kachiwiri, ndipo timaso tija timayamba kuunguza uku ndi uku ngati palibe chinachitika.

Apa ndi pamene akuluakulu anatola mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amauza nawo mnyamata wofunsira mbeta, wozenga mlandu amene akufuna mboni iulule zonse tsiku limodzi, ngakhale mlimi wofukula chinangwa chisanakhwime. Ambiri amaumva ngati ukungoti "dikira", komatu mawu ali m'mwambimo ndi kudekha. Munthu amatha kudikira basi pa siteji maola atatu akuyendayenda, akutukwana, akuyang'ana wotchi mphindi iliyonse. Ameneyo wadikira ndithu, koma nkhono singamutulutsire diso. Wodekha amadziwa khalidwe la chinthu chimene akufuna kuona, amadziwa nthawi yake, ndipo amasamala kuti iye mwini asakhale chochiopseza.

Pali anthu ena kutali ndi kuno amene sanaumvepo mwambiwu, koma amautsatira ndi thupi lonse, mpaka zigongono kuchita mabala. Ndi anthu oonerera ndi kujambula mbalame za m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Kum'mawa kwa England, pakati pa zigawo za Norfolk ndi Lincolnshire, nyanja imalowa kumtunda n'kupanga chidikha chachikulu cha matope ndi mchenga chotchedwa The Wash. Wozolowera nyanja ya Malawi amadziwa madzi okwera ndi dzinja n'kutsika ndi chilimwe, kamodzi pachaka. Nyanja yamchere imachita zimenezi kawiri patsiku, chifukwa mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi ake. Madzi akaphwa ku The Wash amathawa makilomita angapo, kusiya matope onyezimira mpaka pamene maso athera. Pakapita maola asanu ndi limodzi ndi mphindi zochepa amakhala abwerera pomwe anachoka. Mawa lake zonsezi zimachedwa ndi mphindi pafupifupi 50, motero munthu amene waloweza nthawi ya dzulo n'kubwera nayo lero, wasochera kale.

Matope amenewo ndi nkhokwe. Muli nyongolotsi, tinkhono ting'onoting'ono ngati njere za mapira, ndi tizamoyo ta zigoba ziwiri tokwiririka pansi. Mwa mbalame zonse zobwera kudzadya, yochuluka kwambiri ndi ina yotuwa, yocheperapo pa njiwa, imene Angerezi amaitcha knot. Zambiri za ku The Wash zimaswera kutali kumpoto, ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada, n'kubwera ku England kudzathawa chisanu cha kwawoko. Kadyedwe kake n'kodabwitsa. Imameza chakudya ndi chigoba chomwe, n'kukachiphwanyira m'nthutumba. Ndipo sifunika kuchiona: kunsonga kwa mlomo wake kuli timitsempha tomva kusintha kwa mphamvu ya madzi a m'mchenga wonyowa, moti ikabaya pansi imazindikira kuti chapafupi pali chinthu cholimba ngakhale isanachikhudze. Zimenezi anazifotokoza katswiri wa ku Netherlands, Theunis Piersma, ndi anzake mu 1998.

Dzina lake la sayansi ndi Calidris canutus, ndipo limakumbutsa mfumu Canute imene inalamulira England zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Nkhani yakale imati mfumuyo inaika mpando wake pagombe n'kulamula madzi kuti asafike pamapazi ake, ndipo madzi anainyowetsa monga anyowetsera aliyense. Wojambula mbalame amaphunzira msanga kuti nayenso alibe ulamuliro pamenepo.

Malo otchuka poonera mbalamezi ndi Snettisham, amene amayang'aniridwa ndi bungwe loteteza mbalame la RSPB. Kuseri kwa gombe kuli maiwe amene anatsala anthu atakumbamo miyala, ndipo ndi kumene mbalame zimathawira matope akamira. Koma si tsiku lililonse. Masiku ambiri madzi amadzadza n'kusiya matope ena poyera, kutali, mbalame n'kungosendera kumeneko. Wobwera tsiku lotero amaona timadontho totuwa ngati utsi wa kutsidya kwa dambo, n'kubwerera akudandaula mafuta a galimoto. Madzi amakwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala mumdima, kawiri pamwezi, ndipo amanyanyira cha mu Malichi ndi Sepitembala. Ndi madzi okwera chotero okha amene amameza matope onse. Ku gombe limeneli nthawi yake imakonda kugwa m'mamawa kapena madzulo, choncho wofuna kuona amayamba wawerenga ndandanda ya nthawi za madzi milungu ingapo tsikulo lisanafike, amadzuka kukali mdima, n'kuyenda wapansi makilomita oposa awiri kuchoka poimika galimoto, mphepo yozizira ikumumenya kumaso. Kudekha kwake kwayambira kunyumba, pa pepala.

Akafika amaimika kamera pa miyendo yake itatu, kenako palibe chochita. Kutali madzi akubwera, osati ndi mafunde aakulu, koma mokwawa, kudzaza ngalande imodzi, kusefukira, kulowa ina. Mbalame zikusendera kumtunda wapansi, zikudyabe, ngati chinsalu chotuwa chimene wina akuchikoka pang'onopang'ono. Malo akucheperachepera, zikupanikizana, phokoso likukula. Ndiye nthawi imodzi zonse zili m'mwamba. Gulu lonse likatembenuka limada ngati mtambo wa mvula, likatembenukanso limayera mbee poonetsa kumimba, likupindika, likugawika pawiri, likulumikizananso. Kabawi akalowerera pakati ndiye zimachita kuwira. Kenako zimadutsa pamwamba pa mitu ya anthu, motsika kwambiri moti mapiko amamveka ngati chimphepo m'munda wa chimanga chouma, n'kukatera m'maiwe muja mothithikana osaonekanso mwala. Mu Okutobala 2020 anawerenga mbalame za mtundu umodziwu pafupifupi 140,000 pamalo amenewa, chiwerengero chachikulu kuposa zonse zam'mbuyo.

Munthu uja sanapite kwa mbalame. Madzi ndi amene anam'bweretsera.

Luso lomweli limagwira ntchito pa magombe a mchenga oyandikana nawo, monga Titchwell ndi Hunstanton, kumene mbalame zimakhala zochepa ndipo wojambula amafuna imodzi yokha. Kuli kambalame koyererako kotchedwa sanderling, kamene kamathamangira funde likamabwerera, kutola chakudya pa mchenga wonyowa, n'kuthawanso funde lina likamabwera, timiyendo tikupalasa mosaoneka n'komwe. Kuli inanso, turnstone, yomwe ntchito yake ndi kugubuduza timiyala ndi ndere pofuna zobisala pansi pake. Wongoyamba kumene amakaona kambalameko n'kukalondola. Iye akayenda mapazi khumi, iko kamayenda khumi ndi awiri, ndipo pofika madzulo ali ndi zithunzi mazana za michira. Wozolowera amayang'ana kaye kumene gulu likulowera, amayang'ana dzuwa kuti likhale kumsana kwake, amazungulira patali kukaligonera kutsogolo. Amagona chafufumimba pa mchenga wonyowa, kamera ili pansi penipeni, chifukwa munthu woimirira ndi chilombo kwa kambalame ka msinkhu wa chikhatho, pamene wogona ali ngati chipika chimene madzi alavula. Kuchokera pansi pamenepo chithunzi chimasinthanso: mchenga wa kutsogolo ndi nyanja ya kumbuyo zimasungunuka, mbalame yokha n'kutsala yooneka bwino, ikuyang'anizana ndi munthu diso kwa diso.

Ndipo nkhani yonse imathera pa diso. Ojambula mbalame amagwirizana kuti nthenga zikhoza kuoneka bwino, mapiko bwino, koma diso likakhala losaoneka bwino chithunzicho n'chotaya. Amadikira kuti mbalame itembenuze mutu pang'ono chabe, kuti kadontho ka kuwala kwa dzuwa kagwere m'diso lakudalo. Kadontho kameneko kamabwera n'kupita mofulumira kuposa kuphethira, n'chifukwa chake amatchera kamera kuti itseke pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 kapena 2,000 a sekondi. Ola lathunthu la kuzizira ndi madzi olowa m'malaya, zonse pofuna kadontho kosaposa mutu wa singano. Mwana wa nkhono uja angamumvetse munthu ameneyu.

Nthawi zina kudekhako kumapitirira muyezo wa chida. Kambalame kakaiwala kuti chipikacho chikupuma, kamabwera mpaka pa chigongono, pafupi kwambiri moti lenzi yaitali ya kamera singathenso kukaona bwino. Mbalame ikakhala pa uta silasika. Wojambula amangotsala kukayang'ana ndi maso ake enieni, osalimba mtima ngakhale kumeza malovu.

Komabe pali mbali ya mwambiwu imene oukonda saitchula kawirikawiri, ndiyo ya nkhonoyo. Mwana akaigogoda, iye amangoluza chidwi chake, koma nkhono yataya nthawi yodya. Kwa mbalame za m'nyanja mtengo wake ndi waukulu. Zimadya pokhapokha matope ali poyera, usana kapena usiku, ndipo madzi akadzadza ndi nthawi yokhayo yopuma ndi kukonza nthenga. Munthu mmodzi woyandikira mopitirira, galu mmodzi womasulidwa, kapena kandege kojambulira m'mwamba, zimadzutsa gulu lonse, ndipo kuuluka kulikonse kopanda pake kumawotcha mafuta amene mbalame inasonkhanitsa kuti ipirire usiku wozizira kapena iwoloke nyanja pobwerera kukaswa. Chithunzi cha mbalame zikudzuka mwamantha chimakongola, n'zoona, ndipo chimapeza oyamikira ambiri pa Facebook. Koma wochijambula mwadala ali ngati mlendo wothira mchenga mu nsima ya eninyumba kuti aone nkhope zawo zikasintha. Mbalame imachenjeza isanathawe: imasiya kudya, imatalikitsa khosi, imayamba kuyenda chotalikira. Woona zimenezo n'kusenderabe ndi wosamva chabe.

Ndiye wina asaganize kuti kudekha ndi kuzengereza, paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Madzi omwe amabweretsa mbalame aja amaphanso. Pa matope athyathyathya sabwera kuchokera kutsogolo kokha. Amayamba adzaza ngalande za kumbuyo, ndipo munthu amene diso lake lili m'kamera amadzazindikira ali pa kachilumba. Mbiri imati mu 1216 ngolo zonyamula katundu wa mfumu John zinamira powoloka mbali ina ya The Wash yomweyi. Mu Febuluwale 2004, ku Morecambe Bay, kumpoto chakumadzulo kwa England, anthu oposa 20 ochokera ku China amene ankatola tizamoyo ta zigoba m'matope anazingidwa ndi madzi usiku n'kumira. Wodekha weniweni amadziwa mphindi yogona pansi ndi mphindi yodzuka n'kunyamula katundu.

Pali kudekha kwinanso, kwa zaka. Mu 1959 gulu la anthu odzipereka, lotsogoleredwa ndi Clive Minton, linayamba kugwira mbalame za ku The Wash, kuziyeza, kuziveka timphete ta nambala kumwendo n'kuzimasula, ndipo ntchitoyo ikupitirirabe. Ndi timphete timeneto tidaulula kuti mbalame ina ya mlomo wofiira, oystercatcher, imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 40, kutanthauza kuti wina anaiveka mphete ali mnyamata n'kudzamva mbiri yake ali ndi imvi. Masiku ano mbalame zambiri zimavekedwanso timapulasitiki ta mitundu tokhala ndi zilembo, towerengeka popanda kuzigwira. Apa wojambula wogona pamchenga uja amasanduka wothandiza akatswiri. Amadikira mbalame yoima ndi mwendo umodzi kuti itsitse winawo, mwina theka la ola, mwina osautsitsa n'komwe. Ikautsitsa amajambula, amakulitsa chithunzi, amatumiza zilembozo kwa osunga kaundula, ndipo yankho likhoza kunena kuti inaoneka ku Iceland miyezi ingapo yapitayo.

Ku Snettisham, mbalame zikangotera m'maiwe, anthu ambiri amapinda miyendo ya makamera awo n'kuuyamba ulendo wa ku galimoto, akuganiza za tiyi wotentha. Ochepa amalowa m'tinyumba tobisalamo ta m'mphepete mwa maiwewo, n'kukhala pa benchi, mazenera atatsegulidwa pang'ono. Kutsogolo kwawo mbalame zikwizikwi zabisa milomo m'nthenga, koma gululo silikhala chete kwenikweni: za m'mbali zimakankha kulowa pakati, zapakati zimasefukira kunja, ndipo chonsecho chimayenda pang'onopang'ono pa miyala ngati phala lotayikira. Pakapita ola limodzi kapena kuposerapo, kutsidya kwa gombe msana woyamba wa matope umatulukira. Sizidzuka zonse pamodzi monga zinabwerera. Zimachoka m'timagulu, makumi, mazana, kenako mzere wautali wosaduka, zikuuluka motsika pamwamba pa njira imene pano yatsala ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, n'kukatera m'mphepete mwenimweni mwa madzi othawawo, milomo ili kale m'matope.